Njinga ikamalira, mverani kaye musanagwire sipanala

Tayerekezani mukukwera chitunda m'mawa, mukuthamangira mayeso. Mwaimirira kuti muponde mwamphamvu, kenako gwa! Phazi lapita lokha, bondo lamenya chitsulo. Tcheni chalumpha mano a giya. Zotere sizibwera mwadzidzidzi ayi. Njinga imakhala itayamba kale kudandaula, kungoti ambirife sitiimvetsera. Lero tione mmene mungapezere vuto pa njinga yamagiya, ija timangoti mountain bike, pogwiritsa ntchito khutu, rula ndi masamu pang'ono.

Poyamba, siyani kupalasa

Lamulo la kafukufuku aliyense mu sayansi ndi lakuti muzisintha chinthu chimodzi, zina zonse zikhale momwemo. Ndiye njinga ikuyenda, siyani kupalasa. Matayala akuzungulirabe koma tcheni chaima. Phokoso likatha, vuto lili ku tcheni, magiya kapena mapedulo. Likapitirira, fufuzani ku matayala, masipoko kapena mabuleki. Koma kaphokoso ka tetetete kochokera pakati pa tayala lakumbuyo mukasiya kupalasa kasakudetseni nkhawa, ndi mmene anaipangira.

Kenako werengani

Kodi phokosolo likubwera kangati? Likamamveka kamodzi mwendo ukazungulira kamodzi, ganizirani pedulo kapena timipira tachitsulo ta pamene mikono ya mapedulo imazungulira. Likamabwera patalipatali, tichite masamu. Tinene kuti tcheni chanu chili ndi timfundo 114 ndipo giya yakutsogolo ili ndi mano 38. Dzino lililonse limakoka kamfundo kamodzi, choncho 114 ÷ 38 = 3. Tcheni chonse chimamaliza ulendo wake mukapalasa katatu. Ndiye ngati njinga ikuti gwe! mukapalasa katatu kalikonse, pali kamfundo kamodzi kouma kamene kakukana kupindika. Zungulizani mapedulo chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, maso ali pa timagudumu tiwiri tolendewera kumbuyo kuja. Pamene tidzadumphe, kamfundo kake ndi komweko.

Mtundu wa phokoso nawonso umaulula zambiri. Kulira kwa tswii tswii ndi zitsulo zouma zikukhulana, zikufuna oyilo. Kwetchekwetche wosalekeza pa magiya ena okha amasonyeza kuti tcheni sichinalunjike bwino pa giya yake, ndipo nthawi zambiri ndi waya wa magiya amene wakhwepa.

Nanga tcheni chikamakhwepa?

Pa njinga zopanda magiya, ngati zambiri za akabaza, mumamasula tayala lakumbuyo n'kulikokera m'mbuyo mpaka tcheni chizingosuntha sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono mukachikankha pakati. Pa njinga yamagiya njira imeneyi sigwira ntchito. Chimene chimakunga tcheni ndi sipuling'i ya m'kachitsulo kokhala ndi timagudumu tiwiri kaja. Sipuling'iyo ikafooka, kapena matope akaumira m'menemo, tcheni chimamenya felemu mukadutsa m'mabampu. Chimakhwepanso mukasankha giya yaing'ono kutsogolo ndi yaing'ononso kumbuyo, chifukwa apo tcheni chotsala chimachuluka.

Anthu amati tcheni chatanuka. Zoona zake n'zakuti chitsulocho sichitanuka ngati legeni. Chimene chimachitika n'chakuti mapini olumikiza timfundo amaperepeseka, ndipo mpata wa pa mfundo iliyonse umakula pang'ono zedi. Pa tcheni chatsopano, kuchoka pakati pa pini imodzi kufika pakati pa inzake ndi 12.7 mm. Mipata 20 ndi 254 mm, yokwana bwinobwino pa rula yanu ya 30 cm. Kanikizani pedulo kuti tcheni chikungike, ndiye muyeze. Mukapeza kuti yadutsa 255 mm, nthawi yogula china yakwana. Ikafika 256.5 mm, ndiye kuti chatalika ndi 1 peresenti, ndipo mwina chadya kale mano a magiya. Apa tcheni chatsopano chimalumpha pa mano akuthawo, moti mumagula zonse ziwiri. Kudula kamfundo kamodzi sikuthetsa vutoli, chifukwa mipata ya timfundo totsalato ndi yokulabe.

Oyilo wambiri si chikondi

Oyilo amafunika m'kati, pamene pini imakhulana ndi chitsulo chinzake. Wotsalira kunja amangoitana fumbi, ndipo fumbi likasakanikirana ndi oyilo limasanduka phala lopala chitsulo. M'miyezi ya fumbi ngati September ndi October, izi n'zimene zimatha matcheni msanga. Pukutani tcheni ndi kasanza, donthezani dontho limodzi pa mfundo iliyonse, zungulizani kangapo, kenako pukutaninso kunja. Oyilo asafike pa mabuleki, ndipo zala zikhale kutali ndi mano tcheni chikamayenda.

Ntchito ya sabata ino: werengani timfundo ta tcheni cha njinga ya kwanu ndi mano a giya yakutsogolo. Kamfundo kouma kangamveke mukapalasa kangati? Mukatero yezani mipata 20, mubwere ndi yankho.