Phunziro la Mwezi Uno: Ndalama za Fodya Tizipangire Ulendo Zisanafike

Mawu oyamba

Amayi anzathu, chaka chilichonse timaona zomwezo. Msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma ndi ku Kanengo, Kasungu yense amadzuka. Pa Santhe, pa Chamama ndi pa Nkhamenya malonda amatentha, nyama ili pa moto, kaunjika ali mbwee. Koma ikamafika Novembala, mbande zitakula ku nazale, makomo ambiri alibe ndalama ya thumba limodzi la feteleza. Mu Januwale tili pa ganyu m'minda ya eni, ena tili kwa akatapila.

Zikatere timafulumira kuweruza kuti banja lakutilakuti ndi losasamala. Phunziro lathu likufuna tione zomwe akatswiri ofufuza za kaganizidwe ka munthu apeza pa nkhaniyi, ndi momwe zingatithandizire m'makomo mwathu.

1. Usiwa umatopetsa mutu

M'chaka cha 2013, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi anzawo awiri adafalitsa zotsatira za kafukufuku yemwe adachita pakati pa alimi a nzimbe 464 ku Tamil Nadu m'dziko la India. Alimiwa amalandira ndalama kamodzi pa chaka monga ife. Mlimi aliyense adapatsidwa mayeso oyesa nzeru kawiri: asanakolole, pamene m'thumba munali mouma, ndiponso atalandira ndalama zake. Anthu omwewo adakhoza bwino kwambiri atalandira ndalama kusiyana ndi poyamba. Ofufuzawo adaona kuti njala kapena kutopa ndi ntchito sizidali zokwanira kufotokoza kusiyanaku. Chachikulu chidali nkhawa: mutu ukadzaza ndi ngongole, fizi ndi ufa wa mawa, malo oganizira zina amachepa.

Tikuphunzirapo ziwiri. Choyamba, mnzathu amene wagulitsa fodya wake kwa mavenda pa mtengo wolira mu Febuluwale si wopusa ayi, mavuto amupanikiza. Tisamuseke. Chachiwiri, nkhani zikuluzikulu za pakhomo tisazisiyire miyezi ya njala. Tizikambe pamene m'nkhokwe muli chimanga ndipo mtima uli m'malo.

2. Za lero zimakoma kuposa za mawa

Akatswiriwa apezanso kuti munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, amakokedwa ndi chinthu chomwe chili pafupi. Timanenadi ndi mtima wonse kuti feteleza tidzagula, koma timati tidzagula mawa, ndipo mawalo silifika.

Ku Busia, kumadzulo kwa Kenya, Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson adayesa njira yosavuta. Alimi atangokolola, adawapatsa mwayi wolipiriratu feteleza pa mtengo wake weniweni, ndi lonjezo lakuti adzawabweretsera pakhomo ulere. Alimi othira feteleza adachuluka, ndipo kuchuluka kwake kudafanana ndi kwa gulu lina lomwe lidatsitsiridwa mtengo ndi theka nthawi yothira itayandikira. Zotsatirazi zidafalitsidwa mu 2011. Choncho vuto silidali mtengo wokha. Nthawi yogulira idali ndi mphamvu yofanana ndi kutsitsa mtengo.

Makolo athu adaziona kale izi pamene adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama yomwe ili m'thumba la malaya ndi fodya wapachala. Thumba la feteleza lomwe lili m'nyumba ndiye wapamphuno.

3. Zomwe zidapezeka kuno kwathu

Mu 2009, Lasse Brune, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang adachita kafukufuku m'chigawo chathu chapakati, pakati pa alimi a fodya oposa 3,000 a m'makalabu pafupifupi 300. Adagwira ntchitoyi pamodzi ndi banki yomwe inkatchedwa Opportunity International Bank of Malawi. Makalabu ena adalandira ndalama zawo pamanja monga mwa masiku onse. Ena adathandizidwa kuti ndalama za fodya zizilowa mu akaunti ya mlimi aliyense payekha. Enanso adapatsidwa mwayi wa akaunti yachiwiri yotsekera, yomwe mlimi ankasankha yekha tsiku lodzaitsegula.

Chaka chotsatira, alimi omwe adapatsidwa mwayi wa maakaunti adagula zipangizo zaulimi zambiri, adapeza zambiri pa zokolola, ndipo adagwiritsa ntchito ndalama zochulukirapo pa zofunika za pakhomo kuyerekeza ndi omwe adalandira pamanja. Chodabwitsa n'chakuti ambiri adatapa gawo lalikulu la ndalamazo pasanapite nthawi, ndipo zomwe zidatsekeredwa zidali zochepa. Komabe phindu lidaoneka. Tisadziderere tsono poganiza kuti tilibe zambiri zosunga. Kungoti ndalama isayambe yafikira m'manja, ndiponso kukhala ndi cholinga chake, n'chiyambi chabwino.

4. Ndalama ikhale ndi dzina

Richard Thaler, yemwe adalandira mphotho ya Nobel mu 2017, adaonetsa kuti anthu timaika ndalama m'magulu m'mitima mwathu, ndipo ndalama yomwe taipatsa ntchito timaiopa kuigwira. Ku Kenya konko, Pascaline Dupas ndi Jonathan Robinson adagawira anthu a m'magulu osonkherana ndalama kabokosi kachitsulo kokhala ndi loko, kosungiramo ndalama za zaumoyo. Kabokosi kokhako kadathandiza anthu kusunga zambiri. Kadawathandizanso kukana mwaulemu opempha, popeza ndalamayo inali kale ndi mwini.

Ifenso timadziwa kuvuta kwake kukaniza m'bale. Sitikuti tileke kuthandizana ayi, pakuti maliro ndi matenda sizisankha khomo. Koma thandizo la abale nalonso likhale ndi gawo lake, kuti lisadye gawo la feteleza.

Udindo wathu amayi

Pa fodya dzanja la mayi lili paliponse: kuthirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa ndi kusankha. Koma m'makomo ambiri dzina lomwe lili ku kalabu ndi ku banki ndi la abambo, ndipo ena a ife sitionako n'komwe pepala la malonda. Kufunsa za ndalamazi si mwano. Chofunika ndi nthawi ndi kayankhulidwe. Tsiku lomwe ndalama zatuluka si tsiku loyambitsa nkhaniyi. Tiyambe mabelo asanachoke pakhomo, madzulo ana atagona: “Bambo, tisanatumize mabelowa, bwanji tilembe zomwe ndalamazi zidzagwire?” Amayi omwe mumalima panokha, pezani mnzanu wokhulupirika woti mulembe naye.

Zoti tichite

a) Tilembe m'kope zofunika zisanu zoyambirira: ngongole ya kalabu, malipiro a antchito kapena matenanti, feteleza ndi mbewu, chimanga chofikira mu Malichi, ndi fizi ya ana.

b) Feteleza ndi mbewu tigule sabata yomwe ndalama zatuluka, tisunge pouma.

c) Gawo lina tiike pomwe sitingalitape msanga, kaya ku banki kaya ku banki m'khonde.

d) Tisiye gawo lapadera la matenda ndi zadzidzidzi, lomwe tingalipeze mwachangu.

e) Tipatule kandalama ka chisangalalo: chitenje, nyama, nsapato za ana. Dongosolo lopanda chisangalalo silikhalitsa.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi mwezi uti womwe timapanga ziganizo zomwe timadzanong'oneza nazo bondo? Chifukwa chiyani?

2. Ndi mawu ati omwe tingayambire nkhani ya ndalama ndi amuna athu popanda mkangano?

3. Gulu lathu lingathandize bwanji mayi yemwe ndalama za pakhomo pake zimathera kunja?

Pa msonkhano wotsatira, aliyense adzabwere ndi kope lake atalembamo zofunika zisanu zija, kuti tidzathandizane kuwerengera.