Fulashi Yosaiwala

Kompyuta ikakana kuyamba ntchito, timaidzutsa ndi fulashi. Mu fulashiyo mumakhala Ubuntu, ndipo kompyuta imadzuka osadalira Windows imene yaonongeka. Potero timapulumutsa makalata ndi zithunzi zathu.

Koma fulashi yotere ili ndi vuto: imaiwala. Zonse zimene mukuchita zimasungidwa mu RAM. RAM ili ngati bolodi. Mukazimitsa kompyuta, zolemba zonse zimafufutika. Nambala yachinsinsi ya Wi-Fi, pulogalamu imene munaikamo, kalata imene munalemba, zonse zapita basi!

Mankhwala ake ndi kupatula chipinda mu fulashimo, chosunga zinthu ngati kope. Tengani fulashi ya 16 GB. Pa kompyuta ina yabwino tsegulani pulogalamu ya Rufus. Sankhani fayilo ya Ubuntu, kenaka polembedwa kuti "Persistent partition size" ikanipo 4 GB. Chenjerani anzanga, Rufus amafufuta zonse zimene zinali mu fulashimo. Yambani mwazikopera kwina.

Tsopano yesani. Dzutsani kompyuta ndi fulashiyo, lembani dzina lanu, sungani, zimitsani, yatsaninso. Kodi dzinalo lilipo? Ndiye kuti chipinda chagwira.

Komabe zithunzi zimene mwapulumutsa muziike mu fulashi ina, pakuti fulashi yolembedwamo kawirikawiri imatha msanga.