Mwana ali ku Birao, foni yangoti zii: makolo atani?

FUNSO

Kalata ya mwezi uno yachokera kwa mayi wina wa m'dera la Mfumu Madzimawe, m'boma la Kasenengwa. Mwana wawo wachisamba ndi msilikali wa Zambia Army, m'gulu la mainjiniya, ndipo ali ku Central African Republic ndi asilikali osungitsa mtendere a United Nations. Atangofika kumeneko ankaimba Lamlungu lililonse pa WhatsApp ya mlongo wake. Tsopano patha milungu itatu foni ili zii.

Mayiwo akuti tulo tidathawa, BP yakwera, ndipo bambo akunyumba angokhala duu pakhonde, khutu lili pa wailesi. Kuchigayo anthu akunong'onezana kuti kumeneko zavuta. Abale nawo sakuphwa pakhomo, uyu afuna ya fetereza, uyo ya sukulu, ati mwana wanu akutola madola. China chowawawa n'chakuti nkhani zonse zimayamba kufika kwa mpongozi, amene akukhala kukampu ya asilikali kuno ku Zambia. Akufunsa: kodi mwana wawo ali moyo, nanga akafunse kwa yani?

YANKHO

Mlangizi wa tsamba lino wayamba n'kuwafotokozera amayiwa malo amene mwana wawo ali. Chiyambire 2015, Zambia yakhala ikutumiza bataliyoni yake, yotchedwa ZAMBATT, ku ntchito ya MINUSCA yomwe UN idakhazikitsa mu 2014. Likulu la bataliyoniyi lili ku Birao, m'chigawo cha Vakaga, kufupi ndi malire a Sudan ndi Chad. Kuchoka kumeneko kukafika ku Bangui, likulu la Central African Republic, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Mvula yakumeneko imagwa pamene kuno kuli chisanu ndi chilimwe, ndipo ikalimba misewu imasanduka matope okhaokha moti katundu wambiri amafika pa ndege.

Apa mpamene ntchito ya injiniya imachuluka. Iye ndiye amadzaza dothi m'makoma otchinga kampu, kukumba ngalande, kusefa madzi akumwa, kukonza jenereta, ndi kudzutsa kamlatho kakakokoloka kuti magalimoto olondera adutse. Ntchito yotere imamuchotsa mukampu yaikulu, kumene kuli intaneti, n'kukamugoneka kutchire kopanda netiweki masiku ambiri. Milungu itatu ya zii ikhoza kungotanthauza kuti mnyamatayo ali ndi fosholo m'manja pa msewu wina wodukaduka.

Komabe mlangizi sakufuna kuwanamiza amayiwa kuti kulibe zoopsa. Nkhondo ya ku Sudan itabuka mu April 2023, anthu zikwizikwi adathawira ku Vakaga kudzera pa Am Dafock, ndipo magulu a mfuti adachuluka m'malire. Mu June 2025 msilikali mmodzi wa ku Zambia adaphedwa pamene zigawenga zidaukira gulu lolondera m'chigawo chomwecho. Malungo nawo sasankha yunifomu, ngakhale kuti bataliyoni imakhala ndi madokotala ake, ndipo wodwala kwambiri amamuulutsira ku chipatala chachikulu ku Bria kapena ku Bangui.

Chimene amayiwa ayenera kugwiritsa n'chakuti uthenga woipa wa msilikali suyenda mobisa. Mwambo wa usilikali ndi woti akuluakulu amayamba adziwitsa banja, pambuyo pake ndiye dzina limatuluka pa wailesi. Zomvera kuchigayo kapena pa Facebook zikhale mphekesera basi, kufikira a usilikali atalankhula.

Nanga n'chifukwa chiyani mpongozi ndiye amamva poyamba? Msilikali aliyense amalembetsa munthu woti adziwitsidwe pakagwa kanthu, ndipo wokwatira nthawi zambiri amalemba mkazi wake. Si mwano kwa makolo ayi, ndi mmene mapepala amayendera. Mlangizi akuti amayiwa ameze mate, aimbire mpongozi wawo lero lomwe, amufunse za adzukulu kenako za bambo awo. Akazi a asilikali kukampu amamva msanga tsiku limene gulu latuluka ndi limene labwerera, choncho mpongoziyo ndi khutu la banja lonse. Nayenso akugona ndi nkhawa yomweyo.

Ngati mpongozi nayenso alibe mawu, makolo alembe pa pepala dzina lonse la mwana, nambala yake ya usilikali, udindo wake ndi gulu lake, akwere basi ya ku Chipata akafunse ku Gondar Barracks kuti awalozere woyenera kulankhula naye. M'busa kapena wansembe wa asilikali ndi khomo labwino kugogodapo. Dzina la kampu imeneyi ndi la mzinda wa ku Ethiopia kumene kudali nkhondo mu 1941, m'zaka zimene anyamata a Northern Rhodesia Regiment ankatumizidwa ku Somaliland, Madagascar ndi Burma, makolo awo n'kumadikira kalata miyezi yathunthu. Amayiwa ali ndi mwayi umene agogo aja adalibe, woti akhoza kufunsa n'kuyankhidwa.

Pali msampha umodzi umene mlangizi akuchenjeza mwamphamvu. Akathyali amakonda nyumba imene muli nkhawa. Foni ikhoza kulira usiku, mawu achilendo n'kunena kuti mwana wanu wavulala, tumizani ndalama pa Airtel Money kapena MTN kuti timukweze ndege. Asilikali ndi UN salipiritsa banja kuti athandize msilikali wovulala. Ngakhale ngwee imodzi asatumize. Adule foni, aimbire mpongozi, nambalayo akaipereke kupolisi kapena ku ZICTA.

Za madola nazo zikufunika kuwongola. N'zoona kuti UN imalipira ndalama zoposa pang'ono $1,400 pa mwezi pa msilikali aliyense, koma ndalamayo imapita ku boma limene latumiza asilikaliwo. Msilikali amalandira malipiro ake ndi alawansi motsata malamulo a dziko lake, ndipo ya tsiku ndi tsiku yochokera ku UN yomwe imagwa m'manja mwake ndi $1.28 yokha. Ulendowo umakhala wa pafupifupi chaka chimodzi, ndipo ambiri amauwerengera kuti akabwerako amange nyumba kapena agule ng'ombe. Abale akabwera ndi mavuto awo, amayiwa asalonjeze kanthu m'dzina la mwana. Angoti mwiniwake akabwera mudzakamba naye. Zofunika pakhomo, monga fetereza wa mu November, azikambe ndi mwanayo ndi mkazi wake pamodzi, kuti ndalama idutse njira imodzi yodziwika.

Foni ikadzalira, agwirizane ndi mwanayo tsiku loimba, ndi kuti azisiya uthenga kwa mkazi wake akamatuluka kutchire. Akumbukire kuti koloko yakumeneko imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi yakuno. Asamufunse kumene gulu likupita kapena kuika zithunzi zake za kukampu pa Facebook, chifukwa zimenezo saloledwa kuulula. Amuuze za kumunda, za ng'ombe imene yabereka, za amene wavina bwino ku Nc'wala ku Mtenguleni. Milandu ya malire a munda idikire.

Thanzi la makolo nalo lisaiwalike. Amayiwa apite kukiliniki akapimitse BP, ndipo ngati adapatsidwa kale mankhwala asadumphitse. Bambo aja a pakhonde atengedwe nawo, poti kusalankhula kwawo si umboni woti mtima uli m'malo. Amayi a chigwirizano kutchalitchi, kapena banja lina la m'deralo limene mwana wawo adapitako n'kubwerako, angathandize kuchepetsa maganizo a usiku.

Mwanayo akadzabwera, mwina adzakhala wosalankhulalankhula, wodzidzimuka chitseko chikamenyeka, kapena wosowa tulo. Asamuunjikire alendo ndi mafunso tsiku loyamba. Zikapitirira milungu ingapo, kapena akayamba kumwa mowa mopyola muyezo ndi kupsa mtima pachabe, amulimbikitse kukaonana ndi madokotala a asilikali kukampu kwake kapena ku chipatala cha Maina Soko ku Lusaka.