Njinga, anyani ndi mphiri pa Phiri la Zomba: zoyenera ndi zosayenera

Wokhala mu Zomba safunika kubwereka galimoto kuti akapalase njinga m'nkhalango. Msewu wa tala umakwera mokhotakhota kuchokera m'tauni mpaka ku Ku Chawe, ndipo kuyambira pamenepo misewu yafumbi imalowerera m'mapaini kupita ku damu la Mulunguzi, ku mathithi a Williams, ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View, pamene mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inafika mu 1965. Koma njinga ili ndi vuto limodzi m'nkhalango: imathamanga koma siichita phokoso. Galimoto imamveka ikadali patali, woyenda pansi nyama zimamuona akubwera, pomwe njinga yotsika phiri imangotulukira mwadzidzidzi. Ngozi zambiri zimayambira pamenepa.

Potsetsereka

Zoyenera: Tsikani pa liwiro loti mutha kuima musanafike pamene maso anu alekezera. Mukamayandikira pokhota, imbani belu kapena yankhulani mokweza. Gwirani mabuleki onse awiri mofatsa, thupi mutalibwezera kumbuyo kwa chishalo, chisoti chili kumutu.

Zosayenera: Musafinye buleki yakutsogolo yokha mukadzidzimuka, mungawuluke pamwamba pa handulo. Musakhulupirirenso masamba ouma a paini: amabisa mizu ndi miyala, ndipo tayala limaterereka pamenepo ngakhale kusanagwe mvula.

Anyani

Awa ndiwo mudzakumane nawo kawirikawiri, makamaka m'mbali mwa msewu wokwera.

Zoyenera: Imani patali, tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi iwo, basi dikirani. Gulu la anyani siliwoloka msewu nthawi imodzi. Ena amatsogola, akazi amatsatira, kamwana katakakamira kumimba kapena katakhala pamsana, ndipo pamene mukuganiza kuti atha, kumatulukira wina wotsalira m'tchire. Nyani wamphongo wamkulu akakhala pakati pa msewu n'kuyasamula moonetsa mano aatali aja, si tulo ayi, akukuchenjezani. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, maso mutayang'ana kumbali. Chakudya chonse chikhale m'chikwama chotseka.

Zosayenera: Musadutse pakati pa gulu, makamaka pakati pa mayi ndi mwana wake. Musamuyang'anitsitse nyani m'maso, musamugende, ndipo musapalase mothawa. Masitirobere amene mwagula kwa anyamata a m'mbali mwa msewu musawapachike m'jumbo pa handulo. Nyani amaidziwa jumbo bwino lomwe. Akaigwira, musiyireni, osalimbirana naye. Koma choipitsitsa ndi kuwaponyera nthochi kuti mujambule chithunzi. Kwa ine kumeneko si chifundo. Nyani wozolowera kulandira chakudya m'manja mwa munthu amayamba kulanda, kenako amalowa m'minda ndi m'makhitchini, ndipo mapeto ake anthu amamupha. Wojambula uja amakhala atapita kalekale.

Mukalumidwa kapena kukandidwa ndi nyani kapena pusi, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe sichichokera kwa agalu okha.

Njoka

Zoyenera: Njoka zambiri zimathawa zikamva kugwedezeka kwa nthaka, koma mphiri ayi. Imangogona phee m'mbali mwa njira, mawanga ake atafanana ndi masamba ouma. Choncho tayala likaphwa, yang'anitsitsani pansi musanakhale pa chitsa kapena pa mulu wa matabwa kuti mumate chubu. Mukaiona panjira, imani, ilambalaleni patali. Mnzanu akalumidwa, mugonekeni asamayendeyende, muvuleni mphete, wotchi kapena nsapato thupi lisanatupe, ndipo pezani galimoto yomutengera ku chipatala chachikulu cha Zomba mwamsanga.

Zosayenera: Wapanjinga aliyense amakhala ndi chubu kapena mphira womangira katundu, ndipo dzanja limathamangira komweko kuti amange mwendo mothina. Musatero. Ululu wa mphiri umawononga minofu pamalo polumidwapo, ndiye kumanga mothina kumangoonjezera vuto, mwina mpaka kudulitsa mwendo. Musateme mphini, musayamwe balalo, ndipo wolumidwayo asapalase yekha kutsika phiri. Kuisaka njokayo kuti muiphe n'kungoonjezera odwala.

Nthawi yokwera

Zoyenera: Nyamukani kutacha bwino ndipo uzani wina kunyumba njira imene mudzere. Mbawala ndi agwape amaoneka m'mamawa ndi chakumadzulo. Mukaona imodzi, imani chete, idzachoka yokha.

Zosayenera: Musadikire kuti mdima ukupezeni pamwamba. Za kambuku zimakambidwa kwambiri, koma ndi nyama yamanyazi imene ngakhale ogwira ntchito m'nkhalango saiona wamba. Choopsa chenicheni ndi nkhungu. Nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa, njira imasowa ndipo kumazizira koopsa. Kufupi ndi Chingwe's Hole kuli maphompho, si malo oyenderapo mongoganizira.

Anthu a m'njira

Zoyenera: Phirili ndi pantchito pa anthu ambiri. Amayi amatsika atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, abambo akukankha njinga zodzaza zipika mpaka kupitirira mutu. Chepetsani liwiro mukadali patali, nenani kuti "Zikomo amayi, ndidutse nawo," ndipo dikirani akupatseni mpata okha. Lole ya matabwa ikamabwera, tulukiranitu mumsewu.

Zosayenera: Musawaimbire belu mutafika kale m'khosi mwawo. Mayi wosenza nkhuni akacheuka mwadzidzidzi, mtolo wonse umazungulira naye n'kutseka njira, ndipo amene avulale ndi nonse awiri. Musawajambule musanapemphe.

Madzi, moto ndi misampha

Zoyenera: Chubu chophulika, mabotolo ndi mapepala a bisiketi bwererani nazo kunyumba. Mukapeza msampha wa waya m'tinjira ta nyama, kumbukirani malowo ndipo kauzeni a zankhalango.

Zosayenera: Musatsukire njinga m'Mulunguzi kapena m'timitsinje tothira m'damumo, chifukwa girizi wa tcheni amalowa m'madzi amene mzinda wa Zomba umamwa. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, udzu ndi masamba a paini zimauma gwa, choncho musataye chotsalira cha fodya kapena kusonkha moto wootchera chimanga m'mbali mwa njira. Mukaona utsi kutsogolo, bwererani, ndipo musathawire kumtunda kwake, chifukwa moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kusiyana ndi potsika.