PHUNZIRO LACHINAI: CHINYEZI NDI MBEWU ZATHU

Werengani: Genesis 41:46-49

Abale ndi alongo mwa Ambuye, Yosefe anakundika tirigu zaka 7, ndipo njala itafika tiriguyo anapulumutsa anthu. Koma dziko la Aigupto ndi louma. Kuno ku Kalikiliki dzinja likafika pansi ndi makoma a nyumba zathu zimanyowa, ndipo mbewu imafa msanga. Chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinatiphunzitsa kuti wobzala mbewu yakufa wataya chaka chonse, ngakhale mvula igwe bwino.

Ku Mount Makulu, ku Chilanga, kuli bungwe la boma la SCCI loyesa mbewu isanagulitsidwe. Akatswiri amaika njere pa pepala lonyowa kapena mumchenga, nazitsekera m'kabati momwe kutentha ndi chinyezi sizisinthasintha. Muli chifukwa: mukauma, mbewu yabwino imalephera kumera, madzi akachuluka, imachita chuku. Ifenso tingathe kuchita zomwezo pakhomo. Posunga, chinyezi chichepe. Poyesa, chikhale chokwanira.

POSUNGA

Chimanga chosunga chisapitirire chinyezi cha 13 pa 100. Kuti mudziwe, tengani botolo lagalasi louma bwino. Thiranimo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere wouma. Tsekani, khutchumulani, ndipo dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chiyanikeninso pa mphasa. Chikauma, sanjikani thumba pa matabwa, lisakhudze pansi kapena khoma.

POYESA

Chitani izi mu Okutobala, mvula isanayambe.

1. Tengani njere 100, zina pamwamba, zina pakati, zina pansi pa thumba. Musasankhe zokongola zokha.
2. Viikani nsalu m'madzi ndi kuifinya mpaka isiye kudontha.
3. Yalani njere pa nsaluyo, zisakhudzane, ndipo ikulungeni ngati mkeka.
4. Ilowetseni m'jumbo losatseka kwenikweni, kuti chinyezi chikhalemo koma mpweya uzilowa. Ikani pamthunzi.
5. Tsiku ndi tsiku igwireni. Ikayamba kuuma wazani madzi pang'ono.
6. Pa tsiku la 7 werengani njere zimene zatulutsa muzu ndi mphukira.

Zikamera 85 kapena kuposa, bzalani monga mwa nthawi zonse. Zikachepera pang'ono, onjezani njere pa phando. Ngati zamera theka lokha, musataye nayo mphamvu mbewuyo. Uzani akulu a mpingo msanga, kuti pamodzi tifune ina nthawi ikadalipo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mbewu yanu ili pati m'nyumba lero?
2. Ndani m'dera lanu, wamasiye kapena wokalamba, amene mungamuyesere mbewu sabata ino?

Mvula ndi ya Mulungu, koma kusamala mbewu anatipatsa ife. Tsekani ndi pemphero.