Paipi Yophulika ndi Khomo la Matenda

Miyezi ya June ndi July ikafika, anthu a ku madera ozizira kwambiri a kum'mwera kwa Africa amada nkhawa ndi mapaipi a madzi. Madzi akazizira kufika pa madigiri 0 amauma gwa, ndipo pouma amafufuma ndi kung'amba paipi. Abale ogwira nchito ku Johannesburg amakulunga mapaipi a panja ndi masaka pa cifukwa cimeneci.

Ku Chipata ndi ku Mwami cisanu sicifika pamenepo. Komabe m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika mapaipi amaphulika pa zifukwa zina. Paipi yacitsulo imadyeka ndi dzimbiri. Yapulasitiki ikakhala pa dzuwa nthawi yaitali imauma ndi kusweka. Yokwiriridwa pamwamba imapondedwa ndi galimoto kapena kutemedwa ndi khasu.

Mmene matenda amalowera

Ambiri amaganiza kuti paipi yobooka imangotaya madzi ndi kukweza bilu. Vuto lalikulu limabwera madzi akasiya kutuluka ku pompi. Nthawi imeneyo m'paipi mulibe mphamvu yokankhira kunja, motero madzi oipa a m'nthaka amalowa pa kabowo komweko. Ngati paipi idutsa m'ngalande kapena pafupi ndi cimbudzi, tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi timalowa nawo. Madzi akabweranso, banja limatunga ndi kumwa mosakayika, poti acokera ku pompi.

Kolera si matenda ocita nawo masewera. Mliri umene unayamba ku Lusaka mu October 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka February 2024.

Nyengo yozizira ndiyo yokonzera

M'nyengo ino nthaka ndi youma, cotero malo odontha sabisika. Pamene pali cinyontho kapena udzu wobiriwira pakati pa bwalo louma, pansi pake pali paipi yobooka. Mvula ikayamba mu November zizindikiro izi zimasowa, ndipo ndiyo nthawi imene zimbudzi zimasefukira. Mwini nyumba ayenera kucita izi mvula isanagwe:

1. Atseke mapompi onse, awerenge nambala ya pa mita, ndipo awerengenso patapita maola awiri. Ngati nambala yasintha, paipi ikudontha penapake.
2. Aonetse aliyense m'nyumba, ndi ana okulirapo omwe, cotsekera madzi ca pafupi ndi mita, kuti paipi ikaphulika atseke msanga.
3. Akwirire paipi yapulasitiki m'dzenje lofika m'bondo, kutali ndi cimbudzi ndi dzenje la zinyalala.
4. Asadalire malegeni. Legeni imacepetsa kudontha koma siletsa tizilombo kulowa. Malo obookawo adulidwe ndi kulumikizidwa bwino ndi munthu wodziwa nchito ya mapaipi.
5. Paipi yophulika mu msewu kapena isanafike pa mita, akanene ku ofesi ya Eastern Water and Sanitation Company tsiku lomwelo. Yocokera pa mita kulowa m'nyumba ndi udindo wa mwini nyumba.

Amene amacita lendi auze eni nyumba mosacedwa, cifukwa oyamba kudwala ndi ana a amene akukhalamo.

Madzi akumwa

Paipi ikakonzedwa, kapena madzi akabwera atasowa kwa maola angapo, oyamba kutuluka asamwedwe. Atuluke mpaka ayere, ndipo oyambawo angathiriridwe ku ndiwo zamasamba kapena kukolopera. Kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti mulibe tizilombo. Akumwa awiritsidwe mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena athiridwe Clorin monga mwa malangizo a pa botolo ndi kudikira mphindi 30. Asungidwe m'cigubu cotseka ca kukamwa kocepa, momwe kapu kapena dzanja sizingalowe.

Munthu akayamba kutsekula m'mimba madzi okhaokha, apatsidwe ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Azimwa ali pa ulendo wopita ku kiliniki, ku cipatala ca Mwami kapena ku Chipata Central Hospital. Kolera imatha kupha munthu wamkulu m'maola ocepa cabe, motero wodwala asagonekedwe pakhomo kudikira kuti kuce.