LACHITATU: Kupempherera Olamulira ndi Tanthauzo la Ufulu

Werengani 1 Timoteo 2:1-4. Kodi Paulo akutilangiza kupempherera yani, ndipo chifukwa chake nchiyani?

Pamene Paulo analemba kalata iyi, ufumu wa Roma unali m'manja mwa Nero, amene analamulira kuyambira chaka cha 54 kufikira 68, ndipo anazunza Akhristu koopsa. Choncho mtumwiyu sanalamule pemphero ili chifukwa chakuti olamulira anali olungama. Anapereka zifukwa ziwiri: kuti anthu a Mulungu akhale pamtendere ndi kumpembedza mopanda mantha, ndiponso kuti anthu onse, mafumu omwe, apulumuke. Kupempherera mtsogoleri sindiko kuvomereza zochita zake zonse. Danieli anatumikira Dariyo mokhulupirika, koma anakana lamulo loletsa kupemphera (Danieli 6:10, onaninso Machitidwe 5:29).

Mbiri ya dziko lathu ikutionetsa kufunika kwa pemphero limeneli. M'chaka cha 1967 boma linaletsa chipembedzo cha Mboni za Yehova, ndipo m'chaka cha 1972 zikwizikwi za iwo zinathawira ku Zambia chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ife timasiyana nawo pa ziphunzitso zambiri, koma wosunga Sabata ayenera kudziwa kuti dzanja limene likakamiza chikumbumtima cha mnansi lero lingakakamize chakenso mawa. Ndime 33 ya Malamulo Oyendetsera Dziko tsopano imateteza ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo. Tiyamike Mulungu, ndipo tipemphe kuti olamulira ausunge ufuluwu kwa onse.

Werengani Yohane 8:31-36 ndi Agalatiya 5:13. Kodi ndi ukapolo uti umene chisankho sichingauchotse?

Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Komabe anthu 20 anafa pa zionetsero zimene zinayamba pa 20 July 2011 m'dziko muno. Mzinda wa Mzuzu ndiwo unataya anthu ochuluka koposa, ndipo ena a iwo anagona ku manda a Zolozolo. Voti imasintha wokhala pampando, koma siichotsa dyera, katangale kapena mkwiyo mumtima mwa wolamulira ndi wolamuliridwa. Ufulu umene Khristu apereka ndiwo kumasulidwa ku uchimo, ndipo chipatso chake ndicho kutumikirana mwa chikondi.

M'kalasi limodzi la Sukulu ya Sabata ku Mchengautuwa mungakhale abale amene anavotera anthu osiyana pa chisankho cha pa 16 September 2025. Amene munthu wawo anapambana ayesedwa kuti asandutse pemphero kukhala chitamando cha chipani. Amene munthu wawo anagonja ayesedwa kuti akhale chete, kapena apemphere motemberera. Onse awiri ali m'nsinga. Mtima womasulidwa umatha kutchula pamaso pa Mulungu mtsogoleri wa dziko, phungu, khansala, mfumu ndi wapolisi, ndi kuwapemphera nzeru, chilungamo ndi kulapa, monga udzipempherera wokha.

Funso lolingalira: Kodi ndi mtsogoleri uti amene dzina lake likulemera pa lilime lanu? Mtchuleni m'pemphero la banja usiku uno. Kodi kulemerako kukuvumbula chiyani za ufulu wa mtima wanu?